Makolo a Eni Ake Tinawaika Pamsewu

Aphungu,

Ndakhala ndikuwerenga tsamba lanuli zaka zambiri, ndipo ndivomere kuti nthawi zina ndinkawaseka anthu okulemberani. Ndinkati munthu wamkulu bwinobwino angafunse bwanji nzeru kunyuzipepala ngati alibe mutu wake. Lero ndagogoda ndine. Mutu wanga waima, ndipo kwatsala milungu isanu kapena isanu ndi umodzi kuti chipale chofewa chiyambe kugwa kuno. Mayina ndawasintha, ngakhale ndikudziwa kuti pamudzi pano aliyense wowerenga adzandizindikira.

Ndine mayi wa zaka 44. Ine ndi amuna anga, a Shuhei, tinakhala zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri m'kafulati ka mumzinda wa Saitama, kaja koti mnansi akayetsemula mumadzidzimuka ndinu. Ana sitinakhale nawo. Chaka chatha a Shuhei anagwa ku ofesi ndi matenda othamanga magazi, ndipo dokotala anawauza kuti asankhe pakati pa ntchito ndi moyo. Tinagulitsa fulati ija n'kugula nyumba yakale m'mudzi wina wa m'mapiri kuno, ya zaka zoposa zana, ya mizati yakuda bii ndi utsi. Inakhala yopanda munthu zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mtengo wake unali wotsika moti anzanga ankandifunsa ngati tagula nyumba kapena khola. Tinasamuka mu Epulo, ndipo kobwerera kulibe chifukwa m'fulati muja muli kale anthu ena.

Anatigulitsa ndi a Noboru Kuwabara a ku Yokohama, mwana wa mwini nyumba womaliza. Sitinaonanepo nawo maso ndi maso, zonse zinadzera kwa ejenti. Papepala analemba kuti katundu yense wotsala m'nyumbamo ndi wathu, tichite naye zimene tikufuna. Katunduyo analipodi: mbale zosawerengeka, zofunda zodyedwa ndi njenjete, makalendala a zaka zimene ndinali kusukulu. M'shedi tinapezamo makwerero aatali ndi mafosholo asanu ochotsera chipale, iliyonse yolembedwa dzina la banja losiyana pachigwiriro. A Shuhei anaseka n'kunena kuti a Kuwabara anali anthu obwereka osabweza. Ankakondanso kumenya mzati ndi chikhatho n'kumati, "Taona amisiri akale. Zaka zonsezi popanda woisamala, koma ili chiimire."

M'chipinda chamkati munali kabati ya makolo, yopemphererapo mizimu yawo, yaikulu kundiposa msinkhu, yakuda yonyezimira kunja, yagolide mkati, ndi timatabwa ta mayina a akufa khumi ndi kamodzi. Tsiku loyamba lomwe ndinaitsegula. Nyumba yonse inali fumbi lokhalokha, koma m'menemo munalibe ndi pang'ono pomwe. Munali kambale ka mpunga wosauma ndi duwa lothyoledwa kumene. Ndinatseka msanga ndipo sindinauze munthu. Aphungu, ndikuganiza kuti kulakwa kwanga kunayambira pamenepo.

Tinkagona m'kachipinda ka pafupi ndi khitchini uku tikukonza kwinako. Tikapita kutauni kukagula misomali ndi utoto, pobwera tinkapeza fungo la lubani m'nyumba, chonsecho tinakiya zitseko zonse. A Shuhei ankati ndi fungo la nyumba yakale. Ine ndinkadziwa kuti si choncho. Mu Julaye ndi pamene ndinawaona. Anali agogo a Tomiko Hosaka a tsidya la minda ya mpunga, a zaka 86, opindika msana, akukankha kangolo kawo koyendera. M'khosi anali atakoleka kiyi ya chitseko chathu cham'mbali pa kachingwe kofiira. Atandiona anawerama n'kunena kuti, "Pepani mwanawe, ndangobwera kudzawapatsa moni amayi. Sindichedwa ayi." Ine ndinangoti, "Lowani, agogo." Potuluka anasiya mabiringanya asanu pakhomo.

Kuyambira tsiku limenelo sanabisalenso. Ankabwera m'mawa uliwonse seveni koloko ndi kambale ka mpunga. Tsiku lina akuvula nsapato anandiuza okha, ine osafunsa, kuti anabadwira m'chipinda chomwecho, ndipo a Noboru ndi mwana wa mchimwene wawo. Ndinati nanga bwanji osaitenga kabatiyo kwanu. Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana. "Kwa a Hosaka kuli yawo, mwanawe. Makabati awiri sakhala denga limodzi, amakangana. Mkazi akakwatiwa, akufa ake amawasiya kwawo." Ndinafunsanso ngati a Noboru anawauza kuti nyumba yagulitsidwa. Anati, "Ndinaona galimoto yanu pabwalo, ndiye ndinadziwa."

Miyezi itatu yathunthu sindinakhale nawo pansi m'chipinda muja ngakhale kamodzi. Mabiringanya awo ndinkadya, nkhaka ndinkadya, maungu ndinkadya. Ndinawajambulanso chakumbuyo akupemphera n'kutumizira anzanga a ku Saitama kuti aone kukoma kwa moyo wakumudzi. Koma kufunsa kuti pa timatabwa tija amayi awo ndi kati, ayi. Ndinkaopa kuti ndikangofunsa, nyumbayo isiya kukhala yathu.

Chikomekome cha mkuyu. Kumapeto kwa Seputembala tinaitana a Takizawa, kalipentala yekhayo m'chigwa chino amene amadziwa madenga akale. Ndi bambo a zaka za m'ma 70, osalankhulalankhula. Anakwera kusiling'i ndi tochi, n'kubaya mtanda waukulu wa denga ndi tchizulo. Inalowa mpaka pachigwiriro. Madzi akhala akudontha pamenepo zaka zambiri, ndipo malo owolawo ali pamwamba penipeni pa chipinda cha kabati ija. Atatsika anati, "Chipale cha chaka chatha wapirira. Cha chaka chino sindikulonjeza. Ndikufuna milungu inayi, ndipo ndiyamba pakati pa Okutobala ndikamaliza kumene ndili." Kenako anawonjezera kuti, "Koma ine sindiponda pamwamba pa mitu ya makolo. Itanani ansembe adzaitseke kabatiyi mwamwambo, asamutse eni ake, ndiye ndikwere."

Sanabise mawu, ndipo tinamva bwinobwino. Ndinaimbira ansembe a kukachisi kumene a Kuwabara amaikidwa. Ndi munthu mmodzi wosamalira akachisi asanu ndi mmodzi, ndipo anati tsiku lopezeka ndi pa 20 Novembala, komanso akufuna chilolezo cha wolowa m'malo wa banjalo. A Noboru foni sayankha. Patatha sabata anangotumiza uthenga wa mzere umodzi: "Tayani zonse, ndinalemba kale."

A Shuhei anatenga kalendala n'kuyamba kuwerenga. Kuchokera pa 20 Novembala, milungu inayi ikufika pakati pa Disembala, nthawi imene chipale chimakhala chitakwirira kale mawindo. Tinakangana masiku atatu. Mawu awo omaliza anali akuti, "Mayi, limeneli ndi thabwa lopaka utoto. Mwini wake wati titaye. Denga likatigwera, makolo a eni akewo adzabwera kudzatifukula?" Si munthu woipa, Aphungu. Ndi munthu amene anagulitsa zonse chifukwa cha nyumbayi, ndipo mantha anamugwira. Anakagula sitika ija ya khonsolo yomata pa zinyalala zikuluzikulu, n'kulembetsa kuti lole idzatenge Lolemba. Ankaganiza kuti a Takizawa akapeza chipinda chili mbee, sadzafunsa zambiri.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinakana. Sindinakane. Lamlungu masana tinainyamula awiri, iwo kumutu, ine kumiyendo, mpaka pamsewu. Timatabwa tija ndinatikulunga m'thaulo n'kutiika m'katoni ya malalanje, ndipo ndinadzitonthoza kuti pamenepo ndachita ulemu. Za agogo a Tomiko ndinazikumbukira ndithu. Ndinkati ndidzuka m'mamawa n'kukawachingamira panjira kuti ndiwafotokozere. Kutacha ndinalibe mphamvu, ndinangoima pawindo la kukhitchini.

Anafika seveni koloko monga mwa masiku onse. Kunali kutawaza kamvula, ndipo chitseko chimodzi cha kabatiyo chinali chitatseguka ndi mphepo. Anaima nthawi yaitali. Anawerenga sitika ija, yomwe inali ndi dzina lathu lolembedwa ndi dzanja langa. Kenako anavula mpango kumutu n'kuyamba kupukuta madzi, kuyambira pamwamba pamene ankafikira mpaka pansi. Anaika kambale ka mpunga mkati, anayatsa lubani, n'kugwada pa phula pomwepo. Timalole ta anthu opita kuminda tinkadutsa pang'onopang'ono. Ndinawerenga tinayi.

Atamaliza anabwera pakhomo. Ndinatsegula asanagogode. Anangofunsa kuti, "Amayi ali kuti?" Ndinabweretsa katoni ija. Anasuzumira mkati koma sanakhudze. Anati, "Muwaike pamalo okwera, mwanawe. Amayi ankadana nako kuzizira kwa pansi." Anavula kachingwe kofiira kaja, anaika kiyi pa sitepe, n'kuwerama kwambiri kuposa mmene munthu wa msinkhu wawo ayenera kuweramira kwa ine. "Ndakuvutitsani nthawi yaitali," anatero, n'kutembenuza kangolo kawo.

Ndinalira mpaka a Shuhei anavomera kuti tiibweze lole isanafike. Tikulimbana nayo pakhomo, a Takizawa anatulukira ndi zida zawo. Anavula chipewa, anaiweramira kabatiyo, ife osatiyang'ana n'komwe. Kenako anati, "Msana wandivuta, bambo. Ndidzakuuzani ndikachira." Mawa lake tinawaona ali pamwamba pa denga la nyumba ina, akusenza matabwa. Madzulo a tsiku lomwelo kunabwera azibambo asanu mmodzimmodzi, aliyense n'kupempha mwaulemu kuti atenge fosholo yake m'shedi muja. Wotsiriza, mwana wa agogo a Tomiko, anatenganso makwerero. A Shuhei akuti ndi kuchepa mtima, kulanda zitsulo zakale chifukwa cha mkwiyo. Ine sindikudziwa tanthauzo lake, koma shedi yopanda kanthu ija ikundiopsa kuposa mtanda wowolawo.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi chichitikire zimenezi. Palibe watinyoza. Moni akutipatsa, koma ndi moni uja wa kubanki. Pakhomo sipakupezekanso ndiwo. Kabati ili m'chipinda cholowera, pamene timavulira nsapato, ndipo poyesa kumatula sitika ija ndinasupula utoto. Katoni ili pamwamba pa furiji. Agogo a Tomiko sanatulukenso m'nyumba mwawo. Ndinakumana ndi apongozi awo, mkazi wa mwana wawo uja, kusitolo, n'kufunsa kuti agogo ali bwanji, ndipo anangoti, "Akupumula." Kampani yokonza madenga ya kutauni yati ingabwere mu Epulo. A Shuhei akuti sitinaphwanye lamulo lililonse, pepala tili nalo, ndipo akufuna kupita kwa a Takizawa ndi botolo la mowa n'kukawonjezera malipiro. M'mawa uliwonse amatuluka kukayang'ana ngati nsonga ya phiri yayera, ndipo mankhwala awo a magazi dokotala wawonjezera.

Ndithandizeni, Aphungu. Ndikapepese, kapena ndikangowonjezera mchere pachilonda? Timatabwati tikapereke kwa agogowo kwawo, kapena titumize kwa a Noboru papositi? Nanga kalipentala timubweze bwanji chipale chisanagwe? Denga limeneli likagwa, tilibenso kwina. Kiyi ija ili m'thumba la epuloni yanga, ndipo ndikayenda ndimaimva.

C. M., Tokamachi


Mayi C. M.,

Mwandifunsa mafunso atatu, koma lalikulu mwalidumpha. Ine ndinakulira ku Yokote, kumene chipale chimafika padenga, ndiye ndiloleni ndikufunseni. Nyumba yopanda munthu, ya mtanda wodontha, inaima bwanji nyengo zachipale khumi ndi zisanu ndi zinayi? Amuna anu akuti ndi luso la amisiri akale. Awuzeni kuti kwathu nyumba yosiyidwa imagwada pa chaka chachitatu, ngakhale itamangidwa ndi mmisiri wotani. Yanuyo inaima chifukwa anthu ankakwera. Chipale chikagwa, azibambo asanu ankayamba achotsa pamadenga awo, kenako n'kupita kukakwera denga la nyumba imene simunkagona munthu, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pachaka, popanda wowalipira. Mafosholo ankawasiya m'shedi kuti asamavutike kunyamula.

Sankachitira a Noboru. Ankachitira mayi wopindika msana uja, kuti m'mawa akapeze amayi ake ali pouma. Chimene chinasunga nyumba yanu ndi kabati imene munaimata sitika ya zinyalala. Tsiku limene anadzatenga mafosholo sanali kulanda zitsulo. Ankakuuzani mwaulemu kuti ntchito yawo yatha.

Sindikuuzani kuti simunalakwe, chifukwa mukudziwa nokha. Kunyamula kabati kunali kulakwa kwa tsiku limodzi. Kwakukulu ndi kwa miyezi itatu ija, mukudya mabiringanya a munthu, mukumujambula kumsana, osamufunsa dzina la amayi ake. Koma ndaonanso kuti pa kalata yonseyi simunadzitchinjirize, ndipo amuna anu simunawaponyere mlandu wonse. Munthu wotero ndimatha kumuthandiza.

Yambani lero ndi kabatiyo. Ichotseni pamalo ovulira nsapato. Nyumba yanu ndi yaikulu, sankhani chipinda choyera chimene sichili pansi pa mtanda wowolawo. Ipukuteni ndi kansalu kofewa kouma, ndipo chotsalira cha sitikacho musachikandenso ndi zikhadabo, alipo amisiri a ntchito imeneyo. Timatabwato titsitseni pafuriji, makolo a anthu si malalanje. Tiyaleni pa thebulo loyalidwa nsalu yoyera, patsogolo pa kabatiyo. Mkati musatibwezere nokha. Aliyense ali ndi malo ake, wamkulu pamwamba, wamng'ono m'munsi, ndipo inu simukudziwa kuti wakuti amakhala pati. Padziko lonse pali munthu mmodzi yekha amene akudziwa, ndipo chimenecho ndicho chifukwa chanu chopitira kwa a Hosaka.

Mupite nonse awiri, masana, mutavala bwino, ndi kabokosi ka lubani wabwino m'manja. Envelopu ayi, mowa ayi. Pepala la ejenti lija lisiyeni m'dirowa, ndipo ngati a Shuhei akuona kuti pakamwa pawo patuluka mawu akuti lamulo, atsale pagalimoto mpaka mtima utsike. Koma ndikanakonda kuti ayambe kulankhula ndi iwowo, chifukwa mudzi unaona dzina lawo pa sitika. Muyambe mwapepesa kwa apongozi aja pakhomo, pakuti ndi amene akusamala wodwala. Mukaloledwa kulowa, mawu ake ndi ochepa: tinalakwa, tinachita zamanyazi, amayi anu ali pouma ndi pokwera, koma sitikudziwa kakhalidwe kawo, chonde mudzatisonyeze. Za mvula, za kalendala, za uthenga wa a Noboru, musatchule. Kupepesa kokhala ndi "koma" kumbuyo ndi kudzilungamitsa. Ndipo mawu akuti denga asatuluke m'kamwa mwanu tsiku limenelo. Akakubwezani pakhomo, weramani, siyani lubaniyo, mubwerenso mkuja.

Timatabwato musapite nato kwa a Hosaka. Agogowo anakuuzani kale mwambo wa nyumba imene anakwatiwako, ndipo mukawasenzetsa katoniyo ndiye kuti mwawauza asankhe pakati pa amayi awo ndi banja la amuna awo, ali ndi zaka 86. Kwa a Noboru papositi ndiye musayerekeze. Munthu amene analemba kuti tayani zonse mukudziwa kumene angatiike. Iwowo alembereni kalata ya pamanja, yaifupi, yopanda kunyoza, yopempha chinthu chimodzi: asayine kuti akulola ansembe ndi azakhali awo kuona za makolo a banjalo. Ikanimo envelopu yobwezera yomata kale sitampa. Anthu othawa udindo amasayina msanga pepala lowamasula.

Kwa ansembe mupite ndi miyendo, foni yakwana. Mukawauze zonse monga mwandiuzira ine, ngakhale ndikukhulupirira kuti anamva kale Lolemba lomwelo. Mlendo woimba foni amapatsidwa pa 20 Novembala. Nkhalamba ngati agogo a Tomiko, imene yakhala ikusesa manda a pakachisipo zaka makumi asanu ndi limodzi ikapempha, ola limodzi limapezeka. Koma zimenezo zili kwa agogowo, inu musawakankhe.

Mwambo ukachitika, padzakhala funso lakuti timatabwato tikakhale kuti. Ambiri amatisiya kukachisi, ndipo si kulakwa. Koma akachisi a m'mapiri ndimawadziwa masitepe ake, ndipo kangolo koyendera sikakwera masitepe. Musanagamule, afunseni eni ake. Ndipo dzifunseninso nokha ngati m'nyumba yaikulu choncho, ya anthu awiri, mulibe ngodya imodzi imene mungabwereke kwa zaka zochepa zimene zawatsalira. Sindikukukakamizani. Munalemba kuti munkaopa kuti nyumba isiya kukhala yanu. Ine ndikuona kuti masiku asanu ndi anayi amenewa, pamene palibe wolowa ndi kiyi yake, ndi pamene yakhala yanu nokha. Mwaimva kukoma kwake.

Kwa a Takizawa mupite komaliza. Botolo ndi malipiro owonjezera zisiyeni. Bambo amene anavulira kabati chipewa mukamupatsa ndalama kuti aiwale, msana wake sudzachiranso. Ndipo yesani kukumbukira bwino ngati pa mafosholo asanu aja panalibe dzina la banja lake. A Shuhei apite okha, akapepese, akanene zimene mwakonza, kenako akapemphe chinthu chaching'ono: kuti awaphunzitse kuchirikiza mtandawo ndi mizati yongoyembekezera. Mmisiri weniweni amatha kukana munthu, koma kuona nyumba imene waisunga zaka zonsezi ikugwa zimamuvuta. Akakananso, funsani kampani ya kutauni ija ngati ingabwere tsiku limodzi kudzangoika mizati. Ntchito ya tsiku limodzi imapezeka mosavuta kuposa ya mwezi.

Pa za moyo wanu sindinyengerera. Chipale chikayamba mtanda usanachirikizidwe, musagone m'nyumbamo, ngakhale m'kachipinda ka kukhitchini. Funsani lero za chipinda cha lendi kutauni cha miyezi itatu, kuti chikhale chokonzeka. A Shuhei asakwere denga limenelo okha ndi magazi awowo. Ngati dokotala awalola kugwira fosholo, akagule yawo, alembe dzina pachigwiriro, ndipo chipale choyamba chikagwa akayambe kuchotsa pakhomo pa a Hosaka, osati panu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kwanuko mwambiwu si wokuluwika.

Sindingakulonjezeni kuti denga lipulumuka. Mwina mudzachita zonsezi n'kudikirabe mpaka Epulo mtima uli m'mwamba. Koma chenjerani ndi chinthu chimodzi. Mukapita kukapepesa n'cholinga choti kalipentala abwerere, adzakuonani musanavule nsapato. Anthu amene anakwera denga la eni zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi osanena kanthu amadziwa kusiyanitsa wobwera ndi chisoni ndi wobwera ndi kalendala.

Kiyi ili m'epuloniyo si yanu, kaya pepala likuti chiyani. Ibwezeni ndi manja awiri, ndi kachingwe kake komwe. Akaikana, musaumirize, koma chitseko cham'mbalicho musamachikiye m'mawa, ndipo seveni koloko ikamakwana madzi a tiyi azikhala atawira. Akabwera, khalani nawo pansi, muwafunse kuti amayi ndi kati.

Inu ndi amuna anu mukuyang'ana nsonga ya phiri n'kumati kwatsala milungu isanu. Mayi wa zaka 86 amene sanaphonyepo m'mawa umodzi wagona masiku asanu ndi anayi, ndipo apongozi ake akuti akupumula. Amene angakuthereni nthawi si chipale, ndi agogowo. Pitani mawa.

Aphungu